Uchi m'Kabotolo ka Mafuta

Lolemba, pa 3

Andigoneka pa bedi lachisanu ndi chimodzi, wodi ya abambo, pafupi ndi zenera losatseguka. Kope ili ndi lomwe ndimalembamo miyezo ya makasitomala. Masamba akumbuyo anali oyera, ndiye ndizilembamo za mwendo wangawu. Telala sakhulupirira mutu wake, amalemba.

Shuga polowa: 24. Zala ziwiri za phazi lamanja zada bii, ndipo fungo lake ndikuchita nalo manyazi. Chiyambi chake ndi singano yomwe ndinaponda m'shopu mwezi watha osamva kupweteka.

Adokotala ndi mtsikana woti ndikanamubereka, koma sazungulira polankhula. Akuti phazi latha, alidula Lachinayi. Nkhani yatsala ndi ya bondo. Akadula pansi pa bondo, ndidzavala mwendo wochita kupanga, ndidzayenda, makina anga ndidzapalasanso. Akadula pamwamba, pa msinkhu wangawu ndi mtima wofookawu, ndiye kuti ndi njinga ya olumala basi. Zofunika ndi ziwiri: shuga atsike pansi pa 10 kuti athe kundigonetsa, ndipo kufiira kwayamba pamwamba pa akakoloku kusakwere.

Sisitala wamkulu wajambula mzere ndi cholembera pamene kufiirako kwalekezera. Ine ndayeza ndi tepi yanga: mainchi 11 kuchokera pa mzere kufika pa bondo.

Ndikuopa. Amayi akunyumba sindinawauze zimenezo.

Lachiwiri, pa 4

Shuga 17. Mainchi 11, sikunasunthe.

Kuno tsiku limayamba ndi kubayidwa chala 6 koloko. Kenaka insulini, mayunitsi 14 m'mawa, 10 madzulo. Diripi ya mankhwala katatu. Kutsuka bala 9 koloko, ndipo pamenepo ndimaluma pilo. Chakudya cham'mawa ndi phala lopanda kanthu ndi tiyi wowawa ngati mankhwala a malungo. Ine amene ndamwa tiyi wa masupuni anayi kuyambira ndisanamere ndevu.

Kumanzere kwanga kuli dalaivala wa thiraki, anathyoka ntchafu, mwendo anaumangirira zitsulo zolendewera. Wakhala kuno milungu isanu ndipo pakamwa pake sipanathyoke. Ndiye anapatsa sisitala wamkulu dzina loti a Rodibuloko, chifukwa nthawi yoona odwala ikakwana amaima pakhomo n'kumasecha chikwama chilichonse.

Masana amayi a kutchalitchi anabwera asanu, atanyamula mabisiketi, buledi wotsekemera ndi zakumwa za m'mabotolo. Zonse zathera pa tebulo la a Rodibuloko. Ndakalipa.

"Sisitala, chimenecho ndi chikondi cha abale anga mwa Ambuye. Mukuwachititsa manyazi."

"Chikondi chimenecho ndi chomwe chadzaza wodi ino, bambo. Tambasulani mkono."

Akanadziwa amene akumuyankha. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndine mlangizi wa mabanja kutchalitchi kwathu. Palibe wamanga ukwati kumeneko osakhala pansi kumva ine ndikumasulira chikondi: kuti n'chofatsa, sichimana, sichichititsa mnzako manyazi, ndipo mkazi wokonda mwamuna wake amamumvera. Amayi akunyumba amakhala benchi lakumbuyo n'kumagwedeza mutu. Lero munthu wa nkhope ngati chitseko cha ndende akufuna kundiphunzitsa ine.

Lachitatu, pa 5

Shuga 12. Adokotala amwetulira, akuti mawa zitheka.

Munthu wa pa bedi lachiwiri, mlonda wachikulire, anamutenga dzulo kupita ku opaleshoni. Lero m'mawa achotsa zofunda zake, apukuta matiresi. Mkazi wake wabwera kudzatenga beseni ndi nsapato.

Mutu ukuwawa, m'kamwa mwangoti khakha. Abusa anabwera 11 koloko, andipempherera, andidzoza pamphumi ndi mafuta a m'kabotolo kakang'ono n'kukasiya pa kabati kanga. Ndinaona chinthu chimodzi: a Rodibuloko anatsegula chikwama cha abusa, koma kabotoloko sanakakhudze. Anachita kukalambalala ndi ulemu.

Masana ndinaitana amayi akunyumba kuti asendere pafupi.

"Mayi, tengani kabotoloka. Mafuta mukakhuthulire m'kapu kunyumba, muno mukathire uchi. Mtundu wake ndi umodzi."

"Bambo, adokotala analetsa chilichonse chotsekemera."

"Uchi si shuga. Shuga amapanga anthu, uchi anapanga ndi Mulungu. Kodi Mulungu angapange chiphe?"

"Ine sindinaphunzire, bambo, koma mtima wanga ukukana."

Pamenepo ndinatulutsa zida zanga zonse. Ndinawakumbutsa zaka makumi anayi ndi chimodzi za banja lathu. Ndinawafunsa ngati analumbira pamaso pa Mulungu kumvera ine kapena kumvera sisitala. Ndinati mwina mawa sindidzuka pa tebulo la opaleshoni, ndiye adzakhale akukumbuka kuti anandimana supuni imodzi tsiku langa lomaliza. Anangoyang'ana pansi, akupinda ndi kupindula kansalu ka m'manja.

Madzulo kabotolo kadutsa pa rodibuloko bwinobwino. Ndinathira theka m'tiyi. Kukoma kwake ndinatseka maso. Theka linalo ndamaliza alendo atangotuluka.

Lachinayi, pa 6

Shuga 21. Opaleshoni yalephereka, ayikankhira Lolemba.

Dokotala wogonetsa anthu ku opaleshoni anangoyang'ana pepala n'kupukusa mutu. Adokotala akuti nthawi zina bala likamakula limakweza shuga palokha. Mawu amenewo ndawagwira ndi manja awiri. Ndawabwereza kwa amayi akunyumba masana: mwamva, si uchi ayi, ndi bala.

Kufiira kwadumpha mzere. A Rodibuloko ajambula wachiwiri. Mainchi 9 ndi theka.

Chinthu chimodzi ndilembe poti kope silikamba. Atandibweza pa bedi, mtima wanga unakhala pansi. Ndinasangalala.

Lachisanu, pa 7

Shuga 20. Insulini akweza, 22 m'mawa, 16 madzulo. Mainchi 8. Thupi likutentha, 38.4.

Pozungulira odwala panavuta. Adokotala anaima kumiyendo kwa bedi langa, pepala lili m'manja, nayamba kufunsa a Rodibuloko pamaso pa wodi yonse.

"Sisitala, munthu uyu akudya za m'chipatala zokha, mankhwala ndakweza, shuga sakutsika. Jakisoni akubayidwadi? Kapena anthu anu akungosayina?"

"Wam'mawa ndimabaya ndekha, adokotala."

"Ndiye mundilembere lipoti. Ndikataya bondo ili chifukwa cha ulesi wa munthu, nkhaniyi ikafika kwa akuluakulu."

A Rodibuloko anapinda bulangeti langa bwinobwino monga amachitira masiku onse, natuluka. Ine maso anali padenga, ndikuwerenga mabanga a mvula.

Atapita, dalaivala anatsokomola.

"Atelala, mafuta a abusa anuwa ndi amphamvu. Taonani nyerere zafola pa kabatipo, nazonso zikufuna kudzozedwa."

Ndinapukuta msanga ndi mkono wa malaya.

"Samalani zanu, adalaivala."

"Ine zanga n'zomangirira kale, akulu. Koma ndayenda misewu yambiri. Amene amazemba rodibuloko ndi amene timawapeza m'phompho kutsogolo."

Sindinamulankhulenso tsiku lonse. Madzulo kabotolo kabweranso ndi uchi, ndamwa.

Loweruka, pa 8

Shuga 22. Mainchi 6 ndi theka. Mizere pamsongolo panga yakwana inayi, ngati diresi lomwe mwini wake akungosintha maganizo pa kutalika kwake.

Amayi akunyumba abwera m'mawa chimanjamanja.

"Kabotolo kali kuti?"

"Ndaiwala, bambo."

"Zaka zonsezi simunaiwalepo ndi batani lomwe. Muyambe lero?"

"Bambo, mwendo ukukwera. Ndikuona ndi maso angawa. Usiku sindikugona."

Zimene ndinawayankha ndikuchita manyazi kuzilemba, koma ndilemba. Ndinati ngati chikondi chawo chatha anene, asamavutike n'kukwera mabasi. Ndinati pali akazi ena kutchalitchi amene angandimvere chisoni. Ndinatembenukira kukhoma. Ndinawamva akutola chikwama pang'onopang'ono, akudikira kuti mwina nditembenuka. Sindinatembenuke.

Madzulo kabotolo kanabwera. Anakaika pa kabati osandiyang'ana.

Mwana wathu wamkazi waimba foni, akufunsa chifukwa chake amayi ake akulira akamalankhula. Ndamuuza kuti ndi kutopa.

Lamulungu, pa 9, masana

Shuga 23. Mainchi 5. Kutentha 39. Adokotala akuti pansi pa bondo pamafunika patsale mainchi anayi a nyama yabwino kuti asoke. Ndawamva bwino, ntchito yosoka ndimaidziwa: nsalu ikaperewera palibe pemphero limene limaitalikitsa.

Lero a Rodibuloko samayenera kugwira ntchito, koma abwera. Akuti akufuna kubaya okha majakisoni onse awiri kuti aone ndi maso. Dalaivala wamva kwa otsuka pansi kuti mawa akuwachotsa wodi ino mpaka nkhani ya lipoti itatha. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ali muno.

A Rodibuloko anagwada pansi kutsuka bala langa, poti mwendo sindingathenso kuukweza. Fungo lake mwana wa sukulu ya unamwino analithawa atagwira pakamwa. Iwo anangopitiriza, kachidutswa ndi kachidutswa, mphindi makumi anayi.

"Sisitala, simunyansidwa?"

"Ndimanyansidwa, bambo. Nanenso ndili ndi mphuno."

"Nanga bwanji?"

"Nanga ndikanyansidwa, phazi litsukidwa ndi ndani? Gwirani chitsulocho, apa pawawa."

Cha m'ma 11 kunabwera gulu lopempherera odwala. Mmodzi anandizindikira, basi akuti akulu ampingo alipo, atigawireko mawu. Ndinakana kamodzi, mwa mwambo chabe. Kenaka pakamwa panayenda pokha. Ndinalankhula za chikondi cha Ambuye wathu amene anagwada kusambitsa mapazi a anthu ake, ngakhale a uja anali atakonza kale zomupereka. Mawu anatuluka osalala, ena anapukuta misozi, wina anafuula ameni. Pamene ndimanena za kugwadako, a Rodibuloko amadutsa ndi beseni la mabandeji anga, mawondo a yunifolomu yawo ali onyowa.

Sindinadzidepo chonchi chibadwire.

Lamulungu lomwelo, 5 koloko madzulo

Ndilembe zisanazizire.

Belu la alendo litalira, ndinaona amayi akunyumba pakhomo. Chikwama anasechetsa. Kabotolo kanali m'manja monga masiku onse, ndipo kanadutsa. Anayenda masitepe atatu kulunjika kwa ine, kenaka anaima. Anabwerera. Anakaika kabotoloko pa tebulo la a Rodibuloko n'kutsegula chivindikiro.

Wodi ndi yaing'ono, zonse zinamveka.

"Sisitala, nunkhizani. Si mafuta awa, ndi uchi. Kuyambira Lachitatu."

A Rodibuloko ananunkhiza. Kenaka anafunsa motsitsa mawu.

"Wakutumani ndani, amayi?"

"Palibe. Ndi nzeru zanga zopusa. Ndimawathirira m'tiyi iwo asakuona. Iwo sadziwa kanthu, ndi munthu wa Mulungu. Mundilange ine."

"Mukudziwa kuti mwawadula mwendo amuna anu?"

"Ndikudziwa."

"Tulukani. Musadzapondenso muno mpaka adokotala atanena."

Anawerama kutola chikwama chawo. Mkazi amene sananamepo ngakhale pa mtengo wa tomato, lero wanama pamaso pa anthu makumi atatu kuti dzina langa likhale loyera. Dalaivala anandiyang'ana, kungondiyang'ana basi.

Ndikanatha kukhala chete. Ndinayesadi, kwa mpweya umodzi kapena iwiri. Kenaka ndinamva mawu anga akutuluka okhakhala ngati a munthu wina.

"Akunama! Sisitala, akunama amayiwo. Ndine. Nzeru ya kabotolo ndi yanga. Anakana katatu, ndinawaopseza. Lachisanu paja mumakalipiridwa ine ndikudziwa zonse."

Ena mwa alendo ndi aja anafuula ameni m'mawa.

A Rodibuloko anabwera pa bedi langa, kabotolo kali m'manja. Ndinkayembekeza bingu. Anangofunsa kuti, "Chifukwa chiyani, bambo? Tiyi yekha?"

Ndipo ndinanena chomwe ndakhala ndikubisira ngakhale kope lino theka lake. Poyamba linalidi dyera. Koma kuyambira Lachinayi ndimamwa kuti shuga asatsike, kuti asanditenge. Ndimaopa tebulo lija. Ndimaona matiresi a mlonda akupukutidwa. Ine wolalikira za kumwamba, ndimaopa kupitako mpaka ndinalolera kuwola.

"Mukanangonena," anatero. "Mantha timawadziwa, ali ndi mankhwala ake. Bodza ndi limene tilibe nalo mankhwala."

Amayi akunyumba sanawalole kukhala. Lamulo ndi lamulo, akuti.

Lolemba, pa 10

Shuga 15. Mainchi 4. Opaleshoni ya lero yalephereka, akuti Lachitatu zivute zitani.

Adokotala amva zonse. Sanandikalipire, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anatembenukira kwa a Rodibuloko pomwepo pamaso pa wodi, monga anachitira Lachisanu.

"Sisitala, ndinakulakwirani. Lipoti lija ling'ambeni."

"Ndalemba kale masamba atatu, adokotala. Mwandithera inki."

Dalaivala anaseka mpaka zitsulo zake zinagwedezeka.

Nane ndapepesa. Andiyankha kuti kupepesa kwabwino n'kudya phala lonse. Ndadya.

Masana palibe wabwera. Ndinayang'ana pakhomo mpaka belu lotulutsa alendo. Otsuka pansi akuti pali mayi wina wakhala pa benchi la panja kuyambira m'mawa, sakudya, sakuchoka.

Lachiwiri, pa 11

Shuga 10. Masiku awiri okha opanda uchi. Ndikanagwira mtima Lachitatu lija, bwenzi pano ndikuphunzira kuyenda.

Mainchi 3 ndi theka mbali yakunja, 4 mbali yam'kati. Ndayeza katatu, kukoka tepi uku ndi uku monga amachitira kasitomala wonenepa. Siinasinthe.

Adokotala akuti akaona akatsegula. Akapeza nyama yamoyo yokwanira, bondo alisiya. Ndasayina mapepala awiri, la pansi ndi la pamwamba.

Wogonetsa uja anabwera, a Rodibuloko ndi amene anamuitana. Anakhala pa bedi langa n'kundifotokozera zonse, kuti adzabaya pamsana, ndidzakhala maso, iye adzakhala kumutu kwanga mpaka kumapeto. Za mlonda akuti anali ndi matenda ena. Mantha sanathe, koma tsopano ndi mantha oti ndingawatchule.

Ndapemphera, koma osati monga ndimapempherera kutsogolo kwa anthu. Ndangoti: Ambuye, mwandiona.

Lachitatu, pa 12

Shuga 8. Osadya kuyambira dzulo. Andiveka chovala chotseguka kumbuyo, chosokedwa moipa. Machira afika.

Lachisanu, pa 14

Bondo palibe.

Akuti mafinya anali atalowa kale m'kati, kutsogolo kwa mzere. Adokotala anayesa.

Ululu. Jakisoni maola anayi aliwonse. Zala zomwe kulibe zikuyabwa.

Loweruka, pa 15

Shuga 7. Kutentha kwatsika. Bala ndi loyera, akutero.

Ndavundukula bulangeti koyamba. Ndayang'ana nthawi yaitali. Tepi sindinaitenge, palibenso choyeza. Ndalira, ndipo dalaivala anayatsa kawailesi kake mokweza kuti ena asamve.

Lamulungu, pa 16

Awalola kulowa. A Rodibuloko anawaperekeza okha mpaka pa bedi, natikokera nsalu yotchinga.

Aonda sabata imodzi yokha. Anaima kumiyendo, akuyang'ana pamene bulangeti lagona fulati. Mawu ndinali nditawakonza kuyambira dzulo, okongola, a mlangizi. Onse anathawa.

"Mayi, ndikhululukireni."

Zaka makumi anayi ndi chimodzi yankho lawo lakhala limodzi: palibe kanthu, bambo. Ndinalidikira. Silinabwere.

"Kukhululuka ndikhululuka, koma osati lero. Lero ndakwiya."

"Ndalakwa."

"Mwalakwa, inde. Mwendo wanu munaudula ndi dzanja langa. Tsiku lililonse ndimatsuka kabotolo kaja ndikudziwa chimene ndikuchita. Ndimakwera basi ndikupemphera kuti kasweke panjira. Mukudziwa kulemera kwake?"

"Sindinaganize."

"Simunaganize chifukwa simunayambe mwafunsapo. Inu kuphunzitsa, ine kugwedeza mutu. Munati wokonda amamvera. Ndamvera, bambo, ndipo taonani pamene kumverako kwatifikitsa." Analoza bulangeti. "Nanenso ndili ndi mlandu wanga kwa Mulungu. Ndinaopa nkhope yanu kuposa imfa yanu."

Ndinatsegula pakamwa, anakweza dzanja. Chikwatirane sanandidulepo mawu.

"Sindinamalize. Kumvera kuja ndasiya. Tsopano ndiyamba kukukondani, ndipo ndikuuziranitu, simukondwa nazo. Kwezani manja."

Ndinakweza. Anandivula malaya, nanditembenuza mosamala mbali ya balayo, nayamba kundisambitsa msana. Amakhula mwamphamvu, akulira, osasiya kukalipa.